Kumanzere Kwanga

Unachoka Lachiwiri, magetsi atathima.
Unakulunga mawaya ako pachigongono
mwaulemu, monga unkachitira masiku onse,
n'chifukwa chake sitinadzidzimuke.
Unangoti, "Mwana akuyamba sukulu. Ku Kanengo andiitana."
Kenako kabaza, gitala kumsana,
fumbi la ku Kawale n'kutseka pambuyo pako.

Zaka zisanu ndi ziwiri, Chiletso.
Tinayamba awiriwiri m'garaja ya a Kachingwe
ndi sipika imodzi yong'ambika, yolira ngati ya chimfine,
odutsa mumsewu n'kumasuzumira
kuti aone amene akuwotcherera zitsulo.
Ankati roko si ya kuno.
Iwe unkangokweza phokoso.

Ine ndinkabwera ndi mawu m'kope la masamu,
iwe ndi pensulo kukhutu.
"Apa wanama," unkatero, n'kukhwatcha.
"Apa ukufuna akuombere m'manja."
Mizere makumi atatu inkatsala isanu ndi inayi.
Ndinkakutukwana chamumtima m'minibasi
kuyambira ku depoti mpaka ku Area 25,
n'kudzaimba isanu ndi inayi yomweyo mawa lake
chifukwa inali yoona.

Tsopano palibe wokhwatcha.
Nyimbo zanga zatupa ngati Lingadzi mu Febuluwale,
zikukokolola chilichonse:
mapepala, zinyalala, ndi nkhuku zakufa zomwe.
Ulunji amaimitsa ng'oma pakati n'kufunsa,
"Kodi imeneyi imatha?"

Tinapeza mnyamata wa ku Biwi, dzina lake Fatsani.
Zala zake n'zothamanga kuposa zako,
usakhumudwe, ndi zoona.
Amavomera chilichonse ndinganene.
Ndikamupatsa mzere woola amati, "Zili bho, achemwali."
Loweruka lija ku Bwandilo
nditafika pomwe unkalowa iwe, ndinatembenukira kumanzere,
ndinapeza nkhope ya mwana wa eni
ikudikira kuti ndimuuze chochita.
Ndinaiwala vesi yonse.
Oledzera anandiimbira.

Koma pali china chomwe sindinauze munthu.

Usiku wina, mvula ikusokosera pamalata,
ndinatenga gitala yamatabwa ya mlongo wanga,
yosowa nsambo imodzi,
n'kuyamba nyimbo pansi, pansi penipeni,
pomwe iwe sunkalola.
Unkakonda ndizikuwa,
unkakweza nyimbo mpaka mitsempha ya pakhosi itaima,
n'kumati moto uli kumwambako.
Zaka zonsezi ndinkagona ndi mandimu ndi uchi
osadziwa kuti mawu anga ali ndi chipinda china
chomwe sindinalowemo.
Muli mdima, muli fungo la amayi anga.
Ndinaimba mpaka tambala,
pakhosi osawawa.

Ndiye ndikwiye kapena ndithokoze?
Unandisula, inde. Unandipindanso.

Dzulo ndinakuona pa Lizulu ukusankha tomato,
malaya a kampani, dzina lako litasokedwa pachifuwa,
kamtsikana kako katagwira chala chako,
chala chomwe chija chinkaliza nsambo ngati munthu woferedwa.
Zikang'a zakumapeto kwake zafewa, ndinaona pogwirana chanza.
Unafunsa za Ulunji, za sipika, za lendi ya garaja.
Za nyimbo sunafunse.
Kope linali m'chikwama mwanga,
lolemera ngati njerwa,
koma sindinatulutse.

Ndabwerera kunyumba ndagula pensulo yanga.
Ndakhala pamkeka, ndawerenga mokweza,
ndamva mawu ako akuti, "Apa wanama,"
ndakhwatcha.
Pena wanenanso, koma ndakukanira.
Mzere umenewo ukhala.
Ndi wokhota, ndi wautali,
sukwana bwino m'kugunda kwa ng'oma,
koma ndi wanga.

Lachisanu tikuimba ku Area 47.
Nyimbo yatsopanoyi ili ndi mpata pakati,
kugunda kusanu ndi kutatu kopanda gitala, kopanda mawu.
Fatsani anafunsa kuti aikemo chiyani.
Ndinamuuza kuti angoima.
Magetsi akapanda kuthima,
anthu adzamva firiji ya mubala ikung'ung'udza,
ndi ine ndikukoka mpweya,
maso kutsogolo.